MANUEL CONDE, MUNTHU AMENE ANAIKA NTHANO ZA KWAO PA KANEMA

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja

Nkhani yathu ya lero iyambira ku Simonga, mudzi umene uli kumadzulo kwa tauni ya Livingstone, pa mseu wopita ku Kazungula, kufupi ndi mtsinje wa Zambezi. Koma ngakhale iyambira pamenepo, itifikitsa kutali ndithu, kutsidya kwa nyanja zazikuru, ndipo pomariza tidzabwerera ku Simonga komweko.

Tsiku lina dzuwa litapendeka ndinali kuceza m'mudzimo, ndipo ndinapeza anyamata asanu ndi mmodzi ataunjikana pansi pa mtengo, mitu yao itagundana, maso ali pa foni imodzi. Analikuonera kanema wa nkhonya wocokera kunja. Pambali panali mkuru wina wa imvi amene anakulira m'komboni ya Luanshya, ndipo iwo poseka anati kwa ine: "Mwana wanga, ife bayisikopo tinali kuionera pa cinsalu cacikuru, tiri pa bwalo. Lero cinsalu cija cafota, cakwana m'dzanja. Koma nkhope zooneka pamenepo zikali za alendo zokhazokha." Tsono ndinafunsa anyamata aja cifukwa cace sajambula sewero lao, popeza foni yomweyo iri ndi kamera. Mmodzi wa iwo anayankha mwaulemu nati: "Bambo, kanema afuna ndalama za Azungu. Ndiponso nkhani za kumudzi kuno, ndani angataye nthawi kuzionera?"

Mau a mnyamatayo anandikhala pamtima. Ndiganiza kuti ambiri a inu mungayankhe cimodzimodzi. Cifukwa cace lero ndifuna kukuuzani mbiri ya munthu mmodzi wa ku Philippines, dzina lace Manuel Conde, amene anali wosewera m'kanema ndiponso wotsogolera kujambula kwace. Moyo wa munthu ameneyu uyankha mafunso onse awiri a mnyamata wa ku Simonga, la ndalama ndi la nkhani za kumudzi.

M'MENE BAYISIKOPO INATIPEZERA IFE

Tisanaoloke nyanja, tiyambe takumbuka za kwathu. Bayisikopo inafika ku migodi m'zaka zakumapeto kwa 1920, ndipo eni migodi anaiona kuti ndiyo njira yosangalatsira anchito madzulo. Mu Livingstone, pamene tauniyo inali likuru la Northern Rhodesia, anamanga nyumba ya kanema ya Capitol m'caka ca 1931. Makanema oonetsedwa kwa anthu akuda anali kuyamba apita kwa akuru a Boma, amene anadula mbali zonse zimene anaganiza kuti siziyenera maso athu, kotero kuti nkhani zambiri zinafika ziri zoduka mutu ndi mcira. Makolo athu anakonda koposa makanema a makauboyi, ndipo kauboyi ali yense wolimba mtima anamucha Jack. Mai wina wophunzira wa ku America, Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya m'zaka za 1953 ndi 1954, analemba za mfuu imene inali kumveka pa bwalo pamene Jack alikumenya adani ace.

M'caka ca 1948 Boma linayambitsa Central African Film Unit, imene inajambula makanema m'maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, kufikira 1963. M'makanema ao, monga Mulenga Goes to Town ndi Lusaka Calling, osewera anali anthu akuda. Koma wolemba nkhani ndi wotsogolera kawirikawiri anali Mzungu, ndipo colinga cinali kutiphunzitsa kulima bwino, kusunga ndalama ndi kumvera lamulo. Nkhope zinali zathu, koma mau anali a wina. Sungani mfundo imeneyi, pakuti tidzaifunanso.

DZIKO LA ZISUMBU

Philippines ndi dziko la zisumbu zoposa 7,000, kum'mawa kwa Asia. Anthu ace adya mpunga ndi nsomba monga abale athu a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ndipo zilankhulo zao ndi zambiri monga zathu. Cimene cilankhulidwa ku mzinda waukuru wa Manila ndi Tagalog. Iwonso anadziwa goli la atsamunda. Anthu a ku Spain anawalamulira kuyambira 1565 kufikira 1898, ndipo atacoka iwo analowa a ku America, amene anakhala kufikira 1946. Ndi Aamerica anadza makanema a Hollywood, nadzaza nyumba za kanema za ku Manila monga anadzadzira mabwalo a ku Nkana ndi Mufulira.

Koma Afilipino sanakhutire ndi kuonera kokha. M'caka ca 1919 wojambula zithunzi wina, José Nepomuceno, anatulutsa kanema wochedwa Dalagang Bukid, ndiko kuti Namwali wa Kumudzi. Nkhani yace anaitenga ku sewero la nyimbo limene anthu analidziwa kale ndi kulikonda. Masiku amenewo kanema analibe mau, tsono woyimba wamkazi Atang de la Rama anali kuimirira pafupi ndi cinsalu nayimba ndi pakamwa pace pamene cithunzi cace cirikuyenda. Pamene izi zinali kucitika, Manuel Conde anali mwana wa zaka zinai asanakwanitse.

UBWANA NDI CIYAMBI CA NCHITO

Iye anabadwa m'mwezi wa October 1915 ku Daet, tauni ya m'cigawo ca Camarines Norte, kutali ndi Manila. Dzina la kubadwa nalo linali Manuel Pabustan Urbano. Anaoneka koyamba m'kanema m'caka ca 1935, m'sewero lochedwa Mahiwagang Biyolin, ndiko kuti Vayolini Yamatsenga. Vayolini ndiye kaligo wa Azungu. M'zaka zoyambazo anali kudziwika ndi dzina la Juan Urbano, ndipo dzina la Conde linadza pambuyo pace.

M'caka ca 1938 mai wina wacuma wa minda ya mpunga, Narcisa de León, pamodzi ndi anzace awiri, anayambitsa kampani ya makanema yochedwa LVN. Conde analowa nchito kumeneko, ndipo anaphunzira mbali zonse za nchitoyo. Pano ndiyenera kulongosola kusiyana kwa wosewera ndi wotsogolera, pakuti ambiri tiyesa kuti kanema ndi wa munthu amene timuona pa cinsalu. Wosewera ali ngati wobvina pa bwalo. Wotsogolera ali ngati mkuru wa gule, amene asankha nyimbo, nauza ong'oma poyambira, naika wobvina ali yense pamalo pace, koma iye mwini saoneka. Ndiye anena poima kamera, pocokera kuwala, ndi zithunzi zimene zidzadulidwa. Conde anayamba kutsogolera m'caka ca 1940, ali ndi zaka 25 asanakwanitse, ndipo moyo wace wonse anagwira nchito ziwirizo pamodzi.

M'caka ca 1941 LVN inatulutsa Ibong Adarna, wotsogolera wace Vicente Salumbides, ndipo Conde anali mmodzi wa osewera. Tamverani nkhani yace, muone ngati siifanana ndi zimene agogo anatisimbira pamoto. Mfumu ina inadwala, ndipo mankhwala ace anali nyimbo ya mbalame yochedwa Adarna. Ana ace atatu anapita kukaifuna mmodzimmodzi. Koma mbalameyo ikayimba, womvera agwidwa tulo, ndipo ikamgwetsera zitosi asanduka mwala. Akuru awiri anagona nasanduka miyala. Wamng'ono, amene anacitira cifundo nkhalamba ya panjira, analangizidwa kudziceka m'dzanja ndi kufinyiramo ndimu kuti ululu umletse kugona. Motero anagwira mbalame, naombola akuru ace, koma iwo anambwezera coipa cifukwa ca nsanje. Mwana ali yense wa ku Philippines anaidziwa nthano imeneyi, ndipo anthu anakhamukira kukaiona ndi maso. Conde anaphunzirapo kanthu, kotero kuti m'caka ca 1955 anaijambulanso iye mwini, m'zithunzi za mitundumitundu.

NKHONDO, NDI KUYAMBA PA PHULUSA

Kumapeto kwa 1941 nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inafika ku Philippines. Asilikari a Japan analanda dzikolo, ndipo kujambula makanema kunatsala pang'ono kulekeka. Osewera ambiri anabwerera ku masewero a pa nsanja kuti apeze cakudya. M'mwezi wa February 1945, pomenyanirana mzinda wa Manila, mbali yaikuru ya mzindawo inasanduka bwinja, ndipo anthu wamba ngati 100,000 anafa. Dziko linalandira ufulu pa 4 July 1946 liri losauka ndi lolira maliro.

M'nthawi yotere, m'caka ca 1947, Conde anayambitsa kampani yaceyace. Analibe cuma ca Hollywood. Cimene anali naco ndico nthano za kwao, ndi bwenzi mmodzi waluso, Carlos Francisco, amene anthu anamucha Botong, wojambula zithunzi ndi manja wa ku mudzi wa asodzi wa Angono. Paja akuru anati mutu umodzi susenza denga. Botong anali kulemba pa pepala zobvala, nyumba ndi zida za sewero liri lonse, ndipo Conde anali kuzipatsa moyo pamaso pa kamera. Anajambula Prinsipe Paris m'caka ca 1949 ndi Siete Infantes de Lara m'caka ca 1950, nkhani za mafumu ndi malupanga zimene zinadza kale ndi anthu a ku Spain, koma Afilipino anazisandutsa zao pozisimba m'cilankhulo cao kwa mibadwo yambiri.

GENGHIS KHAN

M'caka comweco ca 1950 Conde anacita cinthu cimene ambiri akadaciyesa misala. Anafuna kujambula mbiri ya Genghis Khan, mfumu ya ku Mongolia. Mfumu imeneyi dzina lace la ubwana linali Temujin. Atate wace anaphedwa ndi mankhwala a ululu iye akali mwana, ndipo a pfuko lace anataya mai wace ndi ana m'cipululu. Koma iye anakula, nagwirizanitsa mafuko a Amongolia, nalongedwa ufumu m'caka ca 1206, ndipo pomwalira m'caka ca 1227 anali atagonjetsa maiko kuyambira ku China kufikira kufupi ndi Europe. Inu amene mudziwa mbiri ya Shaka kapena ya Zwangendaba mungazindikire mtundu wa munthu amene tirikunena.

Nkhani yotere ifuna zikwi za asilikari, akavalo akuruakuru ndi zigwa zopanda malire. Conde analibe ciri conse ca izi. Anajambulira m'mapiri a kufupi ndi Manila. Akavalo ace anali ang'onoang'ono a m'dziko lomwelo. Asilikari anali owerengeka. Tsono anagwiritsa nchito nzeru m'malo mwa ndalama. Kamera iona cokhaco cimene mwailozetsa. Mukaiika pansi ndi kuipenyetsa kumwamba, munthu wamfupi aoneka cimphona, ndipo anthu makumi awiri odzaza cithunzi conse aoneka ngati khamu. Iye mwini anasewera Temujin, ndipo anamuonetsa ngati mnyamata wocenjera amene apambana anzace amphamvu ndi nzeru, monga Kalulu apambana Njobvu. Kanemayo anali wa zithunzi zakuda ndi zoyera, ndipo osewera analankhula Tagalog.

Conde ananyamula kanema wace napita naye ku America. Kumeneko mlembi wochuka James Agee anamuona namkonda, ndipo anathandiza kumkonzanso ndi kulemba mau a Cingelezi olongosola nkhani. M'caka ca 1952 kanemayo analandiridwa pa mpikisano wa makanema wa ku Venice, m'dziko la Italy, umene uli wakale koposa mipikisano yonse yotere, pakuti unayamba mu 1932. Anali kanema woyamba wa ku Philippines kupikisana kumeneko. Mphotho yaikuru sanaitenge. Inapita kwa René Clément wa ku France. Koma taganizirani: pa mpikisano womwewo panali The Quiet Man, kanema wa John Ford, m'mene munasewera John Wayne, mmodzi wa makauboyi aja amene makolo athu anawacha Jack. Akavalo ang'ono a Conde anaima pa bwalo limodzi ndi akuruakuru a Hollywood. Pambuyo pace kampani ya United Artists inatenga kanemayo kukamuonetsa m'maiko ena.

Nkhaniyi iri ndi mcira wace woseketsa. M'caka ca 1956 a ku Hollywood anatulutsa kanema wao wa Genghis Khan, wochedwa The Conqueror, ndipo anabveka John Wayne yemweyo ndebvu za Cimongolia. Anataya ndalama zambirimbiri, akavalo anali enieni akuruakuru, koma kufikira lero kanemayo achulidwa pakati pa makanema oipa koposa amene Hollywood inapangapo. Apa mnyamata wa ku Simonga alandire yankho la funso lace loyamba. Ndalama zithandiza, sindikana. Koma sizigula maso openya kapena mutu wodziwa kusimba nkhani.

JUAN WAULESI

Tsopano tifike pa funso laciwiri, la nkhani za kumudzi. Ngakhale Genghis Khan ndiye anamchukitsa kunja, kwao Conde akumbukidwa koposa cifukwa ca munthu wa m'nthano wochedwa Juan Tamad, ndiko kuti Juan Waulesi. Ameneyu ana onse a ku Philippines amdziwa monga ana athu adziwira Kalulu ndi Fisi. Ndiye uja anagona cagada pansi pa mtengo wa gwafa, kukamwa kuli yasa, kudikira kuti cipatso cigwe cokha. Ndiye uja anatumidwa ndi amace kukagula nkhanu kumsika, ndipo pofuna kusewera panjira anazimasula, nazilongosolera njira ya kunyumba kuti zitsogole zokha.

Conde anasewera Juan m'kanema wa 1947, Si Juan Tamad, ndipo anabwerera kwa iye kangapo. Koma m'manja mwace Juan sanali citsiru cabe. Anakhala munthu wamba amene aoneka wopusa, koma mafunso ace abvula akuruakuru. M'caka ca 1959 anatulutsa Juan Tamad Goes to Congress, m'mene Juan alowa m'Nyumba ya Malamulo. M'menemo Conde anaseka andale amene alonjeza kumwamba ndi pansi pa nthawi ya masankho naiwala zonse atakhala pa mpando, ndipo sanasiye anthu osankha amene agulitsa voti yao. M'caka ca 1960 anatulutsa Juan Tamad Goes to Society, woseka olemera a m'tauni amene atsanzira za kunja ndi kunyoza za kwao. Wacitatu wa mtundu womwewo, wonenanso za ndale, unatuluka mu 1963.

Onani nzeru yace. Akadaimirira pa msonkhano ndi kuchula maina a nduna, akadapeza adani tsiku lomwelo. Koma ndani angazenge mlandu Juan Waulesi? Ndi nzeru yomweyo imene amai athu ali nayo poyimba pamtondo, pamene adzudzula mwamuna kapena mpongozi m'nyimbo, mudzi wonse numva, koma wopalamula sangathe kuyankha. Conde anatenga cida cakale ca kumudzi nacinola pa makina atsopano. Anthu anaseka, ndipo pobwerera kunyumba anali kuganiza.

MATSIRIZIRO ACE

Musayese kuti moyo wace unali wa mphotho zokhazokha. Anakonza kujambula makanema ena akuru oti aonetsedwe m'maiko onse. Mmodzi wa iwo, wochedwa Sarangani, anati alembe ndi James Agee, koma Agee anamwalira m'caka ca 1955, ndipo ndalama sizinapezeke. Maloto ena otere anafera m'mapepala momwemo. Conde anamwalira pa 11 August 1985, ali ndi zaka 69. Boma la dziko lace linamucha Mmisiri wa Dziko, ndiwo ulemu woposa umene lipatsa anthu aluso, m'caka ca 2009, iye atagona m'manda zaka 24. Mwana wace, Jun Urbano, anatola nkhwangwa ya atate wace: anachuka pa wailesi ya kanema posewera Mr. Shooli, mlendo wa ku Mongolia amene afunsa mafunso a cibwana onena za ndale za Afilipino, ndipo mu 1991 anabweza Juan Tamad pa cinsalu.

Koma cinthu comvetsa cisoni koposa ndi ici: makanema ambiri a Conde kulibe lero. Filimu ya masiku aja inali yosacedwa kugwira moto, ndipo m'dziko lotentha ndi la cinyezi imaola m'zitini momwemo. Nkhondo inaononga ena, ndipo ena anatayika cifukwa panalibe woganiza kuti adzafunikanso. Mwa mazana a makanema amene Afilipino anajambula nkhondo isanafike, amene atsala amphumphu ndi ngati asanu okha, ndipo mwamwai Ibong Adarna wa 1941 ali pakati pao. Genghis Khan yemwe anayesedwa wotayika zaka zambiri, kufikira pamene anapezeka m'nyumba yosungiramo zakale ku Venice. Amisiri a ku Bologna anamkonza, ndipo m'caka ca 2012 anaonetsedwanso ku Venice, patapita zaka 60, nabwezedwa kwao. Alendo ndiwo anasunga cimene eni ace anataya.

TIBWERERE KU SIMONGA

Tsono ife titolepo ciani? Coyamba, njira imene Conde anayenda siiri yotsekeka kwa ife, ndipo ena a kwathu aipita kale. Rungano Nyoni, wobadwira mu Lusaka, anajambula m'Zambia muno I Am Not a Witch, kanema amene anatuluka m'caka ca 2017, nkhani ya kamtsikana konamiziridwa ufiti, ndipo Cinyanja cimveka m'menemo. Kanemayo analandira mphotho ya BAFTA ku London mu 2018, ndipo mu 2024 mai yemweyo analemekezedwa ku Cannes cifukwa ca On Becoming a Guinea Fowl. Ku Malawi, Shemu Joyah anajambula The Last Fishing Boat mu 2012, nkhani ya msodzi wa ku nyanja. Awa sanabwereke nkhani kwa Jack. Anatenga za pakhomo, za maliro, za ufiti, za ukwati, ndipo a kunja anaima kuti apenye. Nkhope ndi zathu, ndipo tsopano mau omwe ndi athu.

Caciwiri, nkhani ziripo zosajambulidwa, zambiri ngati mcenga wa Zambezi. Ku Simonga komweko anthu agona m'minda kupirikitsa njobvu zimene zidza kudya cimanga. Kodi imeneyo si nkhondo yoposa ya makauboyi? Kuli nkhani ya amuna amene anamanga ulalo wa pa Mosi-oa-Tunya m'caka ca 1905, ndi ya oceka matabwa a Zambezi Sawmills. Kuli nkhani ya Angoni pooloka Zambezi m'caka ca 1835, tsiku limene dzuwa linada masana. Inu a ku migodi muli ndi nkhani ya sitalaka ya 1935 ndi ya 1940, ndi ya ngozi ya ku Mufulira ya 1970, m'mene anthu 89 anatsikira pansi osabweranso. Kuli machona amene anapita ku Harare ndi ku Johannesburg, akazi natsala alikudikira kalata. Ndipo Kalulu akali moyo. Akadalowa m'Nyumba ya Malamulo monga Juan, ndikhulupirira kuti bwalo likadadzaza. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Cacitatu, cimene mwajambula cisungeni. Makanema ambiri a Central African Film Unit alipo lero cifukwa anasungidwa m'nyumba ya zakale ya Boma ku Harare, pamene nyimbo ndi nthano zosawerengeka za makolo athu zinapita nao kumanda. Foni imagwa m'madzi, imabedwa, imafa ndi kutentha kwa October. Mukajambula agogo alikusimba nthano, kapena gule wa pa mwambo, musasiye m'foni imodzi. Tumizani kwa mbale wa ku Kitwe ndi wina wa ku Chipata, ndipo lembani dzina la wosimba, mudzi wace ndi caka. Tisadzayembekeze kuti a ku Venice adzatisungira.

Pocoka ku Simonga tsiku lija ndinasimbira anyamata aja za Juan ndi nkhanu zace. Anaseka kwambiri, ndipo wamng'ono mwa iwo anati ali naye malume wotere. Mnyamata mwini foni anakhala cete kanthawi, kenaka anafunsa mkuru wa imvi uja ngati angalole kumjambula alikusimba za bayisikopo ya ku Luanshya. Mkuruyo anati ayambe wapita kukabvala jekete. Sindinena kuti mnyamatayo adzafika ku Venice. Conde yemwe anayamba mu 1935 ndipo anafikako patapita zaka 17. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo.

Inu amene muli ndi nthano kapena mbiri ya kwanu imene muganiza kuti iyenera kuoneka pa cinsalu, tilembereni kalata, ndipo tidzawerenga ena a makalata anu pa nthawi ngati yomweyi.